Nyimbo Imene Gregório Adaichotsa Pamtondo

Ku Mongue kudali mphunzitsi wina, Gregório Namakhwa, amene aliyense ankangomutchula kuti aPulofesolo. Adali munthu wamfupi wa mawu aakulu, wosasiyana ndi jekete ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Bambo ake adali Mlomwe wosoka mphasa, mayi ake Mnyanja, ndipo Chipwitikizi adachitola ku mishoni ali mwana. Zinenero zitatuzo ankazisintha ngati malaya, ndipo ankakonda kuti anthu aone kuti akuzisintha. Tinene poyambirira kuti sadali munthu woipa. Vuto lake lidali lakuti chinthu chikamukomera, sichinkakhalitsa m'kamwa mwake.

Sukulu yake idali nyumba ya dothi yofolera udzu, imene Lamulungu inkasanduka tchalitchi. Ana ankadzaza chaka chikamayamba, koma nthawi yopalira thonje ikafika ankatha ngati mango. Mmodzi yekha ndiye sankajomba, mtsikana wotchedwa Bernardina, mwana wa Francisca ndi Celestino. Mutu wake udali wakuthwa moti Gregório ankamuphunzitsa mwapadera anzake akaweruka, osalandira ngakhale dzira. Chaka chimenecho Bernardina ankayembekezera kulemba mayeso a kalasi yachinayi, ndipo akadakhala mtsikana woyamba wa pasukulupo kufika pamenepo. Gregório ankamunyadira kuposa mmene ankanyadira jekete lake.

Zidachitika m'zaka zimene dziko la tsidya la Ruo lidangosintha dzina kukhala Malawi. Pa tchuthi, Padiri Augusto, wansembe woyang'anira sukulu za kumidzi, adaitanitsa aphunzitsi onse ku mishoni. Adawauza kuti nzamanyazi kuti ana akuloweza mitsinje ya ku Portugal pamene aphunzitsi awo sadziwa zimene anawo amaimba kwawo. Adawatuma kuti aliyense akafufuze pasukulu yake yomwe nyimbo, miyambi ndi maina a mitengo, kuti zimenezo zisanduke maphunziro a kuwerenga. Kenaka adatsitsa mawu, nawachenjeza m'Chinyanja chake chopotoka.

“Kufufuza pakati pa anthu anu ndi kovuta kuposa kufufuza kuchilendo,” adatero Padiri. “Mlendo anthu amatha kumukana. Koma mwana wa sukulu sakana mphunzitsi wake, choncho inde wake si inde. Pitani kwa mwini chinthu, mumuuze kumene mukupita nacho, ndipo akakana musiyeni. Dzina lake musalitchule kwina kulikonse.”

Gregório adaweramira kwa mnzake Abílio, mphunzitsi wa ku Molumbo, namunong'oneza: “Achimwene, kodi munthu amaodira pakhomo pake?” Abílio adaseka mobisa nkhope. Kwa Gregório malangizowo adali a azungu osadziwa anthu. Iye adabadwira komweko, ndipo theka la ana a m'kalasi mwake adawaimirira pa ubatizo.

Atabwerera, sadapite khomo la munthu aliyense. Adangoima kutsogolo kwa kalasi ndi kulamula kuti mawa mwana aliyense abwere ndi nyimbo imene amake amaimba posinja. M'mawa mwake ana adaimba zawo, zina za apongozi aumbombo, zina za amuna okonda kachasu, ndipo kalasi idafa ndi phwete. Itafika nthawi ya Bernardina, mtsikanayo adaimirira koma adangoyang'ana zala zake za kumapazi.

“Amayi sangakonde kuti ndiimbe kuno, aPulofesolo.”

“Ndine ndakufunsa, mwana wanga. Ukuopa chiyani kwa ine?”

Bernardina sakadamukana munthu amene ankamuphunzitsa kwaulere. Adaimba motsitsa:

“Kapitawo wa thonje, chingwe chako nchachitali,
wayeza munda wanga, yezanso njala yanga.
Bambo a mwana adawoloka Ruo kukagula singano,
singano yakeyo akuisulabe.”

Pa pepala, kulima thonje mokakamizidwa kudali kutatha, koma chingwe cha kapitawo sichinkadziwa kuwerenga. Za Celestino nazonso mudzi wonse unkadziwa kuti adathawira ku Mulanje kukathyola tiyi, ndipo mudzi wonse unkayankha kuti sudziwa. Francisca ankazitulutsa pamtondo chifukwa ndi pamene mkazi amatulutsira zimene sanganene pamaso pa munthu. Angathe kuimba mwamuna wake, apongozi ake, ngakhale mfumu, ndipo woimbidwayo amadutsa ngati wagontha. Nyimbo ya pamtondo siitengedwa kubwalo. Gregório ankadziwa bwino zimenezi, popeza mayi ake omwe adaimbapo bambo ake kwa zaka zambiri. Koma mawu aja a singano adamukomera kwambiri, ndipo adayamba kale kuwatembenuza m'Chipwitikizi mumtima mwake.

Masana ena mkazi wake Adelina adamumva akuyeserera kuseri kwa nkhokwe.

“Bambo a Afonso, nyimbo imeneyo ndi ya make Bernardina. Mwaitenga kuti?”

“Ya ntchito imene adatituma aPadiri.”

“Mwapempha kwa eni ake?”

“Nyimbo ili ndi mwini? Mudzi wonse umaimva tsiku ndi tsiku.”

“Umaimva, koma suimva,” adatero Adelina, nabwerera kukapeta.

Gregório adaganiza kuti mkazi wake akungosewera ndi mawu. Nyumba ya Francisca idali pafupi, poti munthu akakuwa amamveka, ndipo ankadutsapo popita kusukulu. Sadapatuke.

Tsiku lokapereka zimene adapeza, aphunzitsi adasonkhananso ku mishoni. Kumbuyo kudakhala mlendo, mlembi wa ku ofesi ya boma ku Milange, amene adabwera ndi nkhani ina ndipo ankadikira kuti Padiri amalize. Anzake adapereka miyambi ndi maina a mitengo, zinthu zoziziritsa thupi. Gregório adaimirira, nakonza jekete, naimba nyimbo ija ndi mawu ake onse. Kenaka adaimasulira m'Chipwitikizi chosalala, mzere ndi mzere, mpaka singano ija idabaya monga inkabayira m'Chinyanja. Aphunzitsi adaomba m'manja, ndipo mlembi uja adaseka kuposa onse. Paja amati mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.

“Wopeka nyimbo yanzeru chonchi ndani, Sinyolo Pulofesolo?” adafunsa mlembiyo mwaulemu.

Padiri Augusto adatsokomola, nati dzina silofunika. Koma pakamwa pa Gregório padali patatseguka kale.

“Francisca, mkazi wa Celestino, wa kwathu ku Mongue.”

Adalitchula dzinalo monyadira, poganiza kuti akumupatsa mayiyo ulemu pamaso pa anthu ophunzira. Adazindikira kulakwa kwake ataona nkhope ya Abílio, amene adangoti zyoli. Masiku amenewo munthu aliyense wowoloka mtsinje ankamuganizira kuti wapita kukalowa gulu la omenyana ndi boma la Apwitikizi kutchire.

Sabata isadathe, asipayi, apolisi achikuda a boma, adafika pakhomo pa Francisca dzuwa lili pamutu. Adapita naye ku posito, ofesi ya boma ya m'deralo, kukamufunsa kumene kuli mwamuna wake ndi amene adamuphunzitsa kunyoza kapitawo. Adamumenya ndi mbalamatodya, thabwa lija lobowola lomenyera m'manja, ndipo adabwerako zikhato zitatupa moti sankatha kugwira munsi. Gregório adathamangira ku mishoni kukapempha thandizo. Padiri adapita kukalankhula ndi akulu a posito, koma madzi akatayika saoleka. Pobwerera wansembeyo adangoti mlandu ndi wakenso, popeza ndiye adawatuma ndipo ndiye adalola mlendo kukhala m'chipindamo.

Pamenepo ndi pamene Gregório adapatuka. Adaima m'mphepete mwa bwalo la Francisca, chipewa m'manja, nati odi. Adamupeza atakhala pakhonde, manja ali m'mbale ya madzi ofunda, Bernardina akumuthowa. Gregório adali atakonza mawu ambiri m'njira, koma onse adamuthawa.

“Make Bernardina, ndalakwa. Sindidaganize kuti zifika pamenepa.”

Francisca sadamutukwane, ndipo mwina kutukwanako kukadamupepukira Gregório.

“APulofesolo, nyimbo ndili nazo zambiri. Ina ya mvula, ina ya nkhuku yanga yakuba mphale, ina ya inu nomwe ndi jekete lanulo. Mukadandifunsa, ndikadakuimbirani ina.”

Kenaka adaloza mwana wake, nati, “Uyu wakhala akulira kuti ndiye adandipereka. Muuzeni inu kuti si iye.”

Gregório adamuuza. Bernardina adagwedeza mutu mwaulemu monga ankachitira m'kalasi, ndipo mphunzitsiyo adaona kuti inde ameneyunso sadali inde.

Manja atangophwa, Francisca adatenga ana ake nawoloka Ruo kutsatira mwamuna wake. Mayeso adali pafupi. Gregório adasiya malo a Bernardina pabenchi opanda munthu mpaka chaka chidatha, ngakhale ana ena ankakhala pansi. Pambuyo pake adamva kwa onyamula katundu a pamalire kuti mtsikanayo akuthyola tiyi pamodzi ndi makolo ake, ndipo kuti adakwatiwa msanga. Sadamuonenso.

Adaphunzitsabe pasukulu yomweyo mpaka imvi zidamera. Mawu ake adachepa, ndipo jekete lija lidathera pa msomali. Aphunzitsi atsopano akabwera ku mishoni, Padiri Augusto ankamupempha kuti awalankhule za kufufuza pakati pa anthu ako. Iye amene kale sankatha kukhala pansi ankangonena kuti ayambe apita kwa mwini wake, aime panja, aodire. Anyamatawo ankaona ngati nkhalambayo ilibe zonena, ndipo ena ankanong'onezana monga iye adachitira ndi Abílio. Zimenezi zinkamupweteka, koma sankawakalipira.

Anthu a ku Mongue sadamude. Ankamupatsa moni, ankamutumizira ana awo, pa maliro ankamupatsa mpando. Chimodzi chokha ndicho chidasintha. Akamayenda m'mudzi m'mawa, ankamva patali amayi akusinja ndi kuimba, ndipo akayandikira nyimbo inkaduka, nkutsala kugunda kwa minsi yokha mpaka atadutsa. Atsikana amene adali asadabadwe pa nthawi ya Francisca adakula akudziwa kuti aPulofesolo akamabwera umatseka pakamwa, ngakhale sankadziwa chifukwa chake.

Tsiku lina akuchokera kusukulu adamva mawu okoma kuseri kwa nyumba yake yomwe. Adali Adelina, akusinja yekha. Gregório adaima pa mtengo wa mango, osafuna kuponda tsamba louma, nazindikira kuti padapita zaka asadamve mkazi wake akuimba. Koma galu wawo adamuona, nathamangira kwa iye akugwedeza mchira. Adelina adacheuka, namwetulira, nati, “Mwabwera, bambo a Afonso?” Kenaka adanyamulanso munsi, napitiriza kusinja osaimba.