Dzina pa Mwala wa Chiliza

Linali Lachiwiri la mu Juni, cha m'ma 3 koloko masana, chiperoni chitaphimba phiri lonse. M'galaja yanga ku Chitakale munali injini yachilendo, yopanda mapisitoni, ya bwana wina wa kuesiteti. Mbale zake zam'mbali zinali zitadyeka, ndipo zinkafunika kupalidwa pa chinthu chosalala kwenikweni. Galasi lopalirapo ndinalibe.

Pakona panali mwala wa chiliza umene mayi ena amasiye anandisungitsa. Amuna awo anafera m'ndende, ndipo dzina lawo anthu sankalitchula mokweza. Mwalawo ndinaugoneka pansi, n'kupakapo phala lopalira, n'kuyamba kuzunguza mbale pamwamba pake. Chitsulo chinawala bwino. Nditatsuka mwalawo, theka la dzina linali litafufutika.

Ndisanaweruke, mayiwo anatulukira. Anayendetsa chala pamene panali zilembo.

"Chachitika n'chiyani, achimwene?"

"Ndi chinyezi, mayi," ndinatero ine, munthu wophunzira mpaka Fomu Folo.

Sanakwiye. Anangoyang'ana kumsewu, n'kunong'ona kuti, "Ndiye kuti anthu amene anamanga amuna anga aja afika ndi kuno komwe."

Sindinawatsutse. M'mawa mwake ndinagobanso zilembo zofufutikazo ndi msomali, nditakhoma chitseko kuti wina asandione ndikulemba dzinalo.