Kawaya kamene ndinazula

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene msuweni wanga Limbani anabwera kudzakhala nafe ku Domasi. Bambo anga ankakonza mafiriji pakhonde, ndipo kuyambira ndili wamng'ono ndine ndinkawapatsira zitsulo. Koma Limbani anali mwana wa mlongo wawo, ndipo bambo ankati luso la mwamuna limapita kwa mphwake. Atangofika, mita yoyezera magetsi inakhala m'manja mwake. Ine, mwana wawo wobereka okha, ankandituma kumjigo. Nsanje inkandidya, sindibisa.

Tsiku lina mphunzitsi wina wa ku Malosa anabweretsa firiji yaikulu yopanga yokha ayisi. Ayisiyo ankaundana bwinobwino, koma ankakakamira m'kambale kake osagwa. Ndinamva bambo akumufotokozera Limbani kuti pansi pa kambaleko pali kahita, kamene kamafunditsa ayisi pang'ono kuti amasuke. Hita m'firiji! Ndinafuna kufunsa, koma phunzirolo silinali langa.

"Iyi ukonze wekha," anatero bambo kwa Limbani. "Ikakukanika, ubwerera kwa amako ukalime mpunga."

Limbani anayeza ndi mita ija, anapeza kuti kahita kanapsa, anaika kena. Masana ayisi anagwa, gobede! Bambo anamusisita pamutu, zimene ine anali asanandichitepo. Awiriwo atatsikira kumtsinje kukasamba, ndinatsegula firiji, ndinapisa zala m'kuzizira muja ndi kuzula kawaya kamodzi ka kahitako.

M'mawa mwake mwini firiji anadikira mpaka dzuwa kufika paliwombo, ayisi osagwa. Anaikweza pagalimoto akung'ung'udza kuti apita nayo kwa amisiri enieni. Bambo manyazi anawagwira, sanafunenso kuyeza chilichonse.

"Amalume, dzulo mwaona nokha ikugwira," anatero Limbani.

"Longedza."

Akumangirira chikwama chake panjinga anandiyang'ana kamodzi kokha. Kaya ankadziwa, kaya ayi, anakwera njinga n'kumapita.

Sabata isanathe bambo anandipatsa mita ija, ndipo ndinakondwera, ndisaname. Lero ndimadyera mafiriji ku Zomba, Limbani akulimabe kumudzi. Ndinachedwa kuzindikira kuti pakhonde paja tikanakwana tonse awiri ndikanangotsegula pakamwa ndi kupempha. Chaka ndi chaka ndinkati ndiwauza bambo, chaka ndi chaka ndinkaopa. Anamwalira akukhulupirira kuti mphwawo anali wa manja olephera.