A Fryson ndi Batakapu wa Pakhomo la Tchalitchi

A Fryson Kachale anabwera ku Glasgow motsatira akazi awo, a Loyce, amene anapeza ntchito ya unamwino. Kwawo ku Ntcheu anali ndi golosale. Kuno amasamalira okalamba ku Maryhill. Koma mukawafunsa, amati iwo ndi mlimi, ngakhale a Loyce amanenetsa kuti chikwatirane sanawaonepo atagwira khasu, kupatula pojambulitsa.

Atapeza nyumba ya khonsolo ku Springburn, anaona kuti kuseri kuli kapinga, ndipo m'kapingamo muli timaluwa tachikasu tonyezimira ngati atipaka mafuta. Anatikonda kwabasi. Ankatithirira madzi, m'dziko loti mvula imagwa osaipempha. Kenako anazula mbande zodzaza chidebe n'kukazibzala kutsogolo kwa tchalitchi chathu, amvekere ndi chopereka chawo kwa Ambuye.

Kaya Ambuye anachilandira, sitikudziwa. Koma timaluwato tinasangalala. Tinayanga ngati kholowa, paliponse pamene tsinde lakhudza dothi n'kumera mizu. Tinamaliza kapinga, tinalowerera maluwa a amayi a Mvano, mpaka tinayamba kusuzumira pamasitepe.

Anaulula ndi a Jessica, mayi wachikulire wa konkuno amene timapemphera naye. Tsiku lina titaweruka anaima pakhomo manja ali m'chiuno, n'kufunsa m'Chingerezi kuti, "Ndani wabweretsa batakapu pano? Uwu ndi udzu woipa. Ife timalimbana nawo mpaka kumanda."

Tonse tinacheukira a Fryson, amene mwadzidzidzi anatanganidwa ndi zingwe za nsapato.

Akulu a mpingo sanachedwe kugamula: amene anabzala azule yekha.

A Fryson anati ndi nkhani yaing'ono. Anaitanitsa khasu lenileni kuchokera kumudzi, linabwera m'sutikesi ya alamu awo litakulungidwa m'chitenje. Anagalauza malo onse, kudula udzuwo nthulinthuli. Mvula itagwa, kachidutswa kalikonse kokhala ndi muzu kanaphuka pakokha. Anabwereka makina otchetchera, koma batakapu amagona pansi, makinawo ankangomudutsa pamwamba. Anathira madzi owira. Kapinga wotsalayo anafa, batakapu anaphukanso ali wobiriwira kuposa kale. Atanena za mankhwala, amayi a Mvano anakana kwamtuwagalu, poti ana amasewera pomwepo.

Mnzawo wa kuntchito, a Maxon, amene amapemphera kwa a Pentekoste, anabwera kudzaona. Anayang'anitsitsa n'kupukusa mutu.

"Achimwene, izi si zakhasu ayi. Apa pali mzimu. Pakufunika kusala kudya."

"Mzimu wake ndikuudziwa," anayankha a Fryson. "Ndinaunyamula ndekha m'chidebe, ndinakwera nawo basi, ndinaupatsa ndi mpando womwe."

Mapeto ake a Jessica anawamvera chisoni. Anawabwereka kafoloko ka m'dimba ndi kapilo koika pamawondo. Anawauza kuti agwade, azilondola tsinde lililonse mpaka muzu utuluke wonse, ndipo zozulazo asazisiye pansi poti zimagwiranso. Akamaliza aziboola dothi n'kuthiramo mchenga, chifukwa udzuwu umakonda pachinyontho.

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse tinkawapeza atagwada pamenepo, mvula ikuwamenya pamsana. Abusa podutsa anati, "A Kachale, chifikireni mumpingo muno sindinakuoneni mutagwada nthawi yaitali chonchi." A Fryson anayankha "Zikomo abusa" mwaulemu. Zimene a Fryson anayankhula abusawo atalowa m'tchalitchi, anazimva ndi amayi awiri amene ankasesa, ndipo mpaka lero amakana kuzibwereza.

Chodabwitsa n'chakuti ntchitoyo inawalowa m'magazi. Anayamba kumuzindikira batakapu ali patali. Akapita kukacheza kwa anthu ankayamba azungulira kuseri asanapereke moni. Kuntchito kwawo, nkhalamba ina inadandaula kuti a Fryson anaisiya panjinga ya olumala pakati pa bwalo n'kukagwada m'maluwa. A Loyce anangoti, "Ndinakwatiwa ndi munthu, pano ndikukhala ndi nkhuku yopalasa."

Zinawatengera zilimwe zingapo, koma anapambana. Kapinga anamera bwino, wosalala, moti akwati ankajambulitsirapo. Bondo lakumanzere ndi limene silinabwererenso mwakale.

Chaka chathachi mpingo unakula, ndipo magalimoto anayamba kusowa poima. Komiti ya zapanja, imene a Fryson ndi a Loyce analimo, inakhala pansi n'kugwirizana kuti pakapingapo athirepo phula. A Fryson anaimirira kutsutsa, anayankhula mpaka thukuta, koma pokweza manja anapezeka ali okha. Ngakhale a Loyce anavotera phula, poti galimoto ndi yawo.

Tsiku limene thirakitala inabwera, a Fryson anavala suti, anaima patsidya la msewu n'kuonerera mpaka ntchito inatha. Atatero anapempha abusa kuti awachotse m'komiti ya zapanja n'kuwaika kukwaya. Mawu oimbira alibe, koma palibe amene analimba mtima kuwakaniza.