Utsi wa ku Luwawa Unandipeza Ndili Ndekha

Chizindikiro choyamba chinali mawu. Linali Lachinayi, chakumapeto kwa Okutobala chaka chatha, moto wa m'phiri utangogonja. Ndinafuna kuitana anzanga kuti abwere ndi makasu pa chitsa chomwe chinkafukabe, koma pakamwa panangotuluka mpweya. Nditayesanso, mawu anatuluka osasa ngati a nkhalamba. Ndinatsokomola n'kulavula makhololo akuda ngati mwaye. Ndinawakwirira ndi nsapato n'kupitiriza ntchito.

Ndimagwira ntchito yoyang'anira nkhalango ya paini ku Luwawa. Kwathu ndi ku Dowa. Kuno ndinabwera nditamaliza maphunziro a zankhalango, ndipo n'kuno komwe ndinakwatira. Mkazi wanga Lusungu, wa ku Edingeni, anamwalira mu Febuluwale chaka chomwecho atadwala mtima. Anandisiyira mwana mmodzi, Wezi, yemwe anali ndi zaka zitatu ndipo ankasungidwa ndi alamu anga kumudzi kwa amayi ake. Ndanena izi chifukwa matendawa sangamveke bwino munthu asanadziwe kuti m'nyumba ndinali ndekha.

Motowo unayambira kumunsi, m'dambo, Lolemba masana. Woyatsa sitinamudziwe; ena ankati osaka mbewa, ena ofula uchi. Moto wa m'phiri umathamanga pokwera chitunda kuposa potsika, ndipo pofika ife unali utalowa kale m'mitengo. Masamba ouma a paini, omwe amaunjikana pansi ngati matiresi, ankayaka ngati athiridwa palafini. Thirakitala yokoka thanki ya madzi inaima pomwe msewu unathera. Kupitirira apo ndi matanthwe ndi zigwembe zokhazokha, choncho tinakwera wapansi ndi makasu, zikwanje, nthambi zaziwisi zomenyera moto ndi mapampu a kumsana.

Moto wotero sulimbana nawo maso ndi maso. Ine ndi a Nyirenda, kapitawo wathu, tinagwirizana zoutchingira kutsogolo. Tinalambula mzere wotakasuka kuchokera pa kamtsinje mpaka pa thanthwe lalikulu la pamwamba, osasiya udzu kapena tsamba, kenaka tinayatsa moto wathu m'mphepete mwa mzerewo kuti ubwerere kukakumana ndi wolusawo. Iwiriyo ikakumana imasowa chakudya n'kufa. Njirayi imayenda bwino mphepo ikapanda kusintha. Lachiwiri masana inasintha. Tonse awiri tinali m'chigwembe, tikuzimitsa zipatso zouma za paini zomwe zinkagubuduka zili moto n'kudumpha mzere wathu. Utsi unatsikira m'chigwembemo n'kukhazikika ngati madzi m'beseni, moti sindinkaona ngakhale dzanja langa. Ndinagona chafufumimba, mphuno m'dothi, monga tinaphunzirira, koma ndinali nditaumeza kale wambiri. A Nyirenda anapsa dzanja lamanja mpaka m'chigongono pokankha chipika chamoto kuti chisawoloke. Moto sunadutse mzerewo, ndipo mbali ya mitengo ing'onoing'ono inapulumuka.

Ife a ntchito imeneyi tili ndi chizolowezi chathu: munthu akameza utsi amamwa mkaka, ati umatsuka pachifuwa. Titatsika, tinapeza akazi a anzanga akudikira pa thirakitala ndi mabotolo a mkaka. Chaka chapitacho Lusungu anaima pamalo omwewo ndi mkaka wa ng'ombe za kwawo. NyaJere, mkazi wa a Nyirenda, anayang'ana dzanja la mwamuna wake kamodzi kokha, nati, "Moto umenewu munauyesa chibwenzi chanu kuti muziukumbatira? Tiyeni kuchipatala." Iwo anakanakana kuti ndi kabala chabe, komabe anakwera galimoto ya kuntchito madzulo omwewo, mkazi atawagwirira chigongono m'mwamba. Ndinawayang'ana mpaka galimoto inakhota. Munthuyo anali atapsa, koma ine ndinamusirira. Sindinkadziwa kuti n'zotheka kuchitira nsanje bala la mnzako.

Asanakwere, NyaJere anandilozetsa botolo lomwe munatsala mkaka. Ndinati ndamwa kale. Ndinakagula wa m'paketi pagolosale n'kukamwera m'nyumba.

Moto ukagonja ntchito siitha. Zitsa ndi mizu zimanyeka pansi pa nthaka kwa masiku ambiri, ndipo zimafunika kukumbidwa n'kuthiridwa dothi, apo ayi mphepo imaudzutsanso. Anzanga ankasinthana kupita kunyumba. Ine ndinati ndikhala, popeza kunalibe wondidikira. Choncho ndinapumanso utsi ndi phulusa kwa masiku ena, mpaka mawu anasasa Lachinayi lija.

Sabata yotsatira chifuwa chinakula. Ndikakoka mpweya, mbali yakumanja inkabaya. Thupi linayamba kutentha, ndipo kachitunda kochokera ku ofesi kupita kunyumba, komwe ndinkakwera ndikuimba mluzu, ndinayamba kukakwera mopumulira. Pogona ndinkatsamira khoma, chifukwa ndikagona chagada ndinkabanika. Ndinagula mapiritsi opha ululu n'kupitiriza kumwa mkaka tsiku ndi tsiku. Nyumba zathu za kuntchito n'zolumikizana, ndipo m'mawa wina ndinamva mayi wa kuseri kwa khoma akufunsa mwamuna wake, "Mwatsokomola bwanji chonchi? Lero musapite." Mwamunayo anali atatsokomola kawiri kokha. Ine ndinkatsokomola mpaka kugwira tebulo, koma m'nyumba munali zii. Ndinaleka kuwapatsa moni anthuwo, ngakhale sanandilakwire chilichonse.

Za chipatala ndinkaziganiza. Chinkandibweza n'chakuti kuchipatala cha pa boma n'komwe Lusungu anatsirizikira, komanso ndinkadziwa funso lomwe amafunsa aliyense wogonekedwa.

Lamulungu lina m'mawa, dalaivala wa kuntchito anandipeza nditakhala pakhonde, chidebe chopanda madzi chili pambali. Ndinali nditalephera kufika pampopi. Anati milomo yanga yada. Sanandifunse maganizo, ananditsamiritsa pampando wakutsogolo n'kuyamba ulendo wa ku Mzimba. Msewu wa fumbiwo ndimaudziwa bwino, koma tsiku limenelo dzenje lililonse ndinkalimva m'nthiti.

Kuchipatala tinapeza mzere wautali pamabenchi. Namwino woyeza anthu pakhomo anandipanitsa kachipangizo pachala, anayang'ana, n'kundichotsa pamzere nthawi yomweyo. Anandiyeza magazi, ananditenga makhololo, n'kundijambula pachifuwa. Adokotala anati ndi chibayo cha papo lakumanja, ndipo chinalowa mosavuta chifukwa utsi unali utawononga kale njira za mpweya. Nditawauza za mkaka, sanaseke. Anati, "Mkaka umapita m'mimba, bambo, kumapapo sufikako. Mukanabwera tsiku lomwe mawu anasasa, bwenzi nkhani yake ili yaifupi."

Pondigoneka, namwino anafunsa funso lija. "Gadiyani wanu ndani?" Ankatanthauza wachibale wogona kuchipatala komweko, wophikira wodwala, womusambitsa ndi kumuperekeza kuchimbudzi. Ndinati palibe. Anati, "Palibe, kapena akubwera?" Ndinati palibe. Anandilowetsa m'wodi ya abambo, ndipo bedi lomwe linali lopanda munthu linali loyandikana ndi la a Nyirenda, omwe anali adakali komweko chifukwa bala lawo linkafunika kutsukidwa tsiku lililonse.

Masiku a m'wodi amafanana. M'mamawa amayeza kutentha kwa thupi. Kenaka magadiyani amatulutsidwa kuti antchito akolope m'wodi, ndipo amakakhala pa udzu pansi pa mitengo mpaka adokotala atatha kuyendera odwala. Jakisoni ankadutsira pa kasingano komwe anandisiya nako pamkono. M'mphuno munali timapaipi ta mpweya wochokera m'makina omwe ankalira pambali panga osalekeza. Nthawi ya chakudya ikakwana, azimayi ankalowa mondondozana, mbale zitakulungidwa m'zitenje, aliyense kulunjika pa bedi la munthu wake.

NyaJere ankawadyetsa a Nyirenda ndi supuni, popeza dzanja lamanja linali m'mabandeji. Ankakangana za mchere. "Mchere uwu munathira ndi fosholo?" ankafunsa iwo. Mkazi ankayankha, "Dzanja lanulo likachira mudzaphike nokha, tidzalawe." Ankawapukuta msana ndi kansalu, kuwameta ndevu, kuwauza za mbuzi yomwe yalowa m'munda mwa eni. Ine ndinkatembenukira kukhoma. Sindinkasirira kuti iwo akupuma bwino ine ndikubanika. Ndinkasirira kukalipiridwa. Lusungu ankanditchula a ku Dowa ndikalakwitsa Chitumbuka, ndipo chimfine chikandigwira ankandilanda nsapato kuti ndisapite kuntchito. Pa bedi loyandikana nalo zonsezi zinkachitika tsiku ndi tsiku, pafupi moti ndikanatambasula dzanja ndikanakhudza bulangete lawo.

M'mawa uliwonse NyaJere ankasiya mbale ya phala pa kabati yanga. Masana ankaitenga ili yodzaza. Chakudya cha chipatala nachonso ndinkangochilawa. Patapita masiku angapo thupi linatenthanso kwambiri, ndipo adokotala atandiyeza anati, "Mankhwala tikupereka, koma thupi lanu lilibe chogwirira ntchito. Mukapanda kudya, ife tichita theka chabe, ndipo theka silikwanira pa papo ili."

Magadiyani ataloledwa kulowa, NyaJere sanapite kwa mwamuna wake. Anakhala pampando wa pakati pa mabedi awiriwo, mbale ili m'manja, anatembenukira kwa ine nati, "A Mwale, ndapota, ndiyankhulepo. Ine sindine Lusungu, ndipo malo ake sindikuwafuna. Phala ili ndi la mgaiwa basi, la moto womwewo womwe ndaphikira la adada awa. Mbwenu mukufuna mwana uja ku Edingeni akakula azidzati amama anapita ndi mtima, adada anapita ndi manyazi?"

A Nyirenda anayankhira pa bedi lawo. "Idyani, abwana, nanenso ndipumeko. Akayamba kukalipira inu, ine andiiwala."

Sanali manyazi monga ananenera NyaJere, koma sindinamutsutse. Ndinaganiza za Wezi ataimanso pamanda ena, atavala diresi yomwe ija anavala pa maliro a amayi ake, asakudziwa chifukwa chomwe anthu akumusisita mutu. Ndinalandira mbale. Ndinadya pang'onopang'ono, ndikupumira pakati, mpaka ndinamaliza. Tsiku lomwelo NyaJere anakauza namwino kuti iye ndi gadiyani wa mabedi onse awiri.

Kuchira sikunabwere msanga. Kutentha thupi kunayamba kutsika, kenaka kubaya kwa m'nthiti kunachepa. Zotsatira za makhololo zinaonetsa kuti ndinalibe chifuwa chachikulu. Anayamba kundichotsa timapaipi ta mpweya kwa kanthawi, kenaka masana onse, ndipo ankandiuza kuti ndiziyenda m'khonde. A Nyirenda anatulutsidwa ine ndisanatuluke. Ndinawaona akutuluka, mkazi atasenza chikwama, akukangana za minibasi yoti akwere, ndipo mtima unandipwetekanso monga pa thirakitala paja. Koma NyaJere anali atawaimbira kale foni alamu anga, omwe anafika masana omwewo kudzatenga malo ake. Anabwera ndi Wezi.

Ana saloledwa m'wodi, choncho ndinayenera kuyenda ndekha mpaka pa mtengo wa panja. Unali ulendo wanga woyamba wotalika chonchi popanda makina. Ndinapuma kawiri panjira. Wezi atandiona anabisala kuseri kwa chitenje cha alamu anga, n'kuwagwira mwendo. Nawonso ndinawachitira nsanje, ngakhale anali atasiya munda wawo nthawi yokonzekera mvula chifukwa cha ine. Ndinakhala pa udzu n'kudikira. Patapita kanthawi mwanayo anabwera yekha n'kukhudza pulasitala ya pamkono panga.

Ndinatuluka chapakati pa Novembala, ndi mapiritsi oti ndimalizire kunyumba komanso tsiku lobwereranso kukajambulidwa. Kwa miyezi ingapo ndinagwira ntchito ya ku ofesi ndi ku nazale, kutali ndi utsi. Lero ndimakwera phiri bwinobwino, kungoti nyengo yozizira ya ku Viphya ikafika pachifuwa pamalira pang'ono, ndipo adokotala anati ndizibwera zikatero. Dzanja la a Nyirenda lili ndi chipsera, koma khasu amagwira. Chaka chino tinalambula mizere yotchinga moto nthawi yabwino, udzu usanaumiretu. Mkaka anthu amamwabe ndipo sindiwaletsa, koma aliyense amene mawu asasa kapena walavula zakuda amakwera galimoto tsiku lomwelo.

Nsanje sinathe. Thirakitala ikamatsika ndipo azimayi aima ndi mabotolo awo, ndimayang'ana kumbali. Chomwe chinasintha n'chakuti botolo likandilozetsedwa ndimalandira.

Kwa inu amene mwameza utsi, kaya wa m'nkhalango, wa makala kapena wa fodya, musadikire kuti mubanike. Mawu akasasa, makhololo akada, m'nthiti mukamabaya, pitani kuchipatala msanga. Ndikunena makamaka kwa inu amene mumakhala nokha. Anzanu ali ndi owakokera ku galimoto. Inu dzikokereni nokha, ndipo akakufunsani za gadiyani, tchulani dzina la aliyense amene anakulozetsanipo botolo.

Wezi anabwerera kudzakhala nane pa Pasaka. Masana amakhala ndi mayi wa kuseri kwa khoma uja, yemwe ndinayambanso kumupatsa moni. Sabata yatha ndinatsokomola kamodzi ndikumanga zingwe za nsapato. Mwanayo anasiya phala lake, anabwera n'kutsamiritsa khutu pachifuwa panga, nati, "Adada, mwatsokomola." Tsiku limenelo ndinapita kukayezetsa.