Mbuzi Yolandira Kartau ku Matema

Kwa Tiyu Faustino, malume wathu pa zampira, woimbira mpira wamkulu, amene munatisiya zaka ziwiri zapitazo osapempha chilolezo: ine wophunzira wanu ndikupereka dandaulo mwalamulo.

Lero ndinapita kukakonzetsanso chiphaso changa choimbira mpira, monga timachitira chaka ndi chaka, komanso kukapempha kuti andikweze kategoriya. Ndinanyamula kaderno ija munandikakamiza kugula, yolembamo masewero onse amene ndaimbirapo. Shefi wa mayeso anatsegula tsamba limene munalemba inu monga wondiyang'anira, n'kuwerenga mokweza: "Minutu 63, kartau yachikasu: mbuzi." Kenaka anandifunsa kuti, "Mayi, mbuziyo inavala nambala yanji?"

Mukukumbuka? Bwalo la ku Matema, dzuwa likuswa mutu, mbuzi n'kulowa m'golo. Anali masewero anga oyamba, ochemerera akukuwa kuti mkazi sangaimbire mpira. Inu muli kunja kwa mzere munafuula kuti, "Mwanawe, lamulo ndi lamulo, ionetse!" Ndinaionetsadi khadi yachikasuyo. Bwalo lonse linafa nako kuseka, mantha anga n'kuthera pomwepo.

Shefi uja anaseka mpaka misozi, n'kudinda kaderno. Akuti nayenso munamuphunzitsa kuti chosalembedwa sichinachitike. Chatsala ndi mayeso othamanga Loweruka, ndipo ndikalephera, zokwezedwa ndiiwale mpaka chaka chamawa.

Choncho, chifukwa chondichititsa manyazi pamaso pa shefi, ndikufuna chipukuta misozi. Loweruka dzuwa la Tete mulionetse kartau yofiira kuti lisandiotche pothamanga. Musanamizire kuti lili kutali, Tiyu. Mwayandikana nalo tsopano.