Fanelo ya Chigayo cha Amalume

Chaka chimene ndinamaliza maphunziro ojambula zipangizo pakompyuta, fanelo yothiramo chimanga ya chigayo cha dizilo cha amalume ku Kanakantapa inang'ambika. Inali nthawi yokolola, ndipo azimayi anali atandandalika matumba a chimanga pakhomo. Faneloyo inali yovuta, pakuti kumwamba inali ya makona anayi, kumunsi yozungulira ngati kukamwa kwa ndowa.

Wowotcherera zitsulo anabwera ndi lata limodzi lokha. "Nipaseni mapimidwe, nidule kamodzi," anatero. "Mukalakwitsa, lata ina ni ku Lusaka."

Ndinakhazika laputopu pathumba la gaga. Malaiti anali atapita m'mawa, batire itatsala pang'ono kutha. Ndinajambula makona anayi pamwamba, mkombero pansi, n'kuuza kompyuta kuti ilumikize ziwirizo. Chimene chinatuluka chinali chopotoka ngati nsalu yofinya. Ndinayesanso, koma chinapotokabe.

"Bwanji, mayi, yakana?" anandifunsa amalume, azimayi onse akumva.

Ndinayang'anitsitsa chojambulacho. Kenaka ndinazindikira kuti mkombero ulibe makona, choncho kompyuta sinkadziwa kopititsa kona iliyonse. Ndinaugawa panayi, kona iliyonse ndi chigawo chake, ndipo mbali zonse zinawongoka. Ndinakopera mapimidwe pakatoni mothamanga, ndipo ndisanawerengenso kachiwiri laputopu inazima.

Bambo uja anadula, napinda, nawotcherera, ine ndikungoyang'ana pansi. Ataikweza pachigayo, faneloyo inakakamira mbali imodzi. Anaimenya kawiri ndi hamala, ndipo inakhala. Amalume analiza injini, ine ndinapita kuseri kwa chigayo kukakhala pansi.