Nsapato Zanga Zinathamangitsa Mudzi

Ndinanyamuka pa Muloza dzuwa likutuluka, ine make Rozina, mchere pamutu, mapilitsi pachifuwa, ulemerero kumapazi! Uthenga unati Rozina wachira ku Mongue, kutsidya kwa malire, koma khandalo likutentha thupi. Nkhondo ndi ya eni ake, mdzukulu ndi wanga.

Pogawa kaunjika kwa ife othawa nkhondo, anzanga anapata madiresi, ine nsapato za anyamata oponya mpira m'dengu. Zansalu yakuda, zokwera mpaka kubisa akakolo, mphuno ya labala yoyera mbee, zingwe zoti n'kumangira mbuzi ziwiri. Minga ndimaiponda ngati thonje, ee, ngati thonje!

Pa Ruo ndinawoloka nditazisenza, zisamwe madzi. Kutsidya ndinapeza bambo wa njinga ya matayala odzaza udzu. Anandikweza ndi kapu imodzi ya mchere.

"Agogo, mpirawo mukukamenya kuti?"

"Palasa, mwanawe, ukamva ndagoletsa!"

Dzuwa lili paliwombo ananditsitsa pamphambano, akuti kutsogoloko sapitako. Mvula inali itagwa, njira ili fewefewe. Ndinayenda, ndinayenda, kenako ndinapatukira pamtsinje, n'kudya makaka anga, n'kuwodzera pang'ono.

Dzuwa litapendeka ndinalowa m'mudzi. Zii! Moto ukufuka, munsi uli mumtondo, munthu palibe. Mapilitsiwa ndimwetsa ndani?

Ndinakwera kaphiri kakuseri ndikuitana Rozina mpaka mawu kusasa. Patchire panatuluka mkamwini wanga Zuze, nkhwangwa m'manja.

"Amayi, khalani pansi! Asilikali mwawasiya pati?"

"Asilikali ati, bambo?"

"Mapazi awo ali m'njira monse, amizeremizere. Mayi wina wawaona pochokera kumunda, akuti ndi gulu. Kuno tonse timayenda opanda nsapato, wansapato amakhala ndi mfuti."

Ndinatukula mwendo umodzi. Zuze anayang'ana kuphazi, anayang'ana ine, n'kukhala pansi yekha.

"Gulu lonse ndi inuyo?"

Rozina ndinamupeza kuphanga komwe anthu anabisala, kakhanda kali pachifuwa. Tinaphwanya pilitsi, tinasungunula, kanameza, kanalira mokweza, ine nthungululu lululu, Zuze akundigwira pakamwa.

Mwana anapola. Nsapato sindinabwerere nazo. Zuze amazivala m'mawa uliwonse n'kuzungulira munda wa chinangwa kawiri, ndipo akuba anasiya kufikako. Ndinaphunzira kuti m'dziko la nkhondo nkhalamba siiopedwa, koma nsapato zake zimalondera munda.